Mfuti za malemu: chuma cha masiye chogonetsa munthu ku Maula

Tonse tikudziwa momwe zimakhalira maliro akatha kuno kwathu. Adzukulu akangotsuka makasu, a mpingo n'kutsanzika, abale amayamba kuponya maso pa katundu. Wina wayang'ana njinga, wina wailesi, wina malata a nyumba, wina ali kukhola kuwerenga mbuzi ngati kuti ankathandiza nawo kuweta. Ena mwa inu amene mukuwerenga nyuzi ino pa benchi yanu mu msika wa Limbe, wa Tsoka ku Lilongwe kapena wa Mzuzu munalandidwapo, ndipo ena, tisabise, munalandapo.

Koma pali katundu wina amene sitimukamba kawirikawiri, chonsecho ndi woopsa kuposa yense. Ndikunena mfuti. Njinga ya malemu mutha kuikwera mawa lomwe banja likagwirizana. Mfuti ayi. Ngakhale mbumba yonse itakupatsani ndi manja awiri, mfumu n'kuchitira umboni, Boma lidzakhala nanu pa mlandu.

Ndasankha kukamba ndi inu a geni chifukwa kukagwa zovuta kumudzi ndinu amene mumaimbiridwa foni poyamba. Bokosi mumagula ndinu, ufa ndi nyemba za pasiwa ndinu. Ndiye pogawa katundu abale amati, "Achimwene, inu muli ndi okala ndipo mbava zachuluka kutauniko. Tengani mfutiyi ikakulondereni." Mawu okoma ndithu, koma kumapeto kwake kuli unyolo.

ZINACHOKERA KUTI MFUTI ZONSEZI?

Anthu ambiri amayesa kuti mfuti ndi za apolisi, asilikali ndi mbava basi. Ayi ndithu. M'midzi yathu muli mfuti zimene zagona kudenga, kuseri kwa nkhokwe ndi kunsi kwa mabedi zaka zosawerengeka.

Zakale kwambiri ndi gogodela, mfuti yothira onga ndi kukamwa n'kutsendera ndi kachitsulo. Izi zinabwera m'zaka za m'ma 1800 ndi amalonda a minyanga ya njovu ndi akapolo ochokera ku nyanja ya mchere. A Jumbe ku Nkhotakota, Mlozi ku Karonga, Makanjira ndi Mponda ku Mangochi, onsewa mphamvu zawo zinali pa mfuti. Azungu atakhazikitsa ulamuliro wawo mu 1891 anayamba kukhwimitsa zinthu, moti mu Januwale 1915 anyamata a John Chilembwe anachita kukathyola nyumba yosungira zida ya kampani ya African Lakes ku Mandala mu Blantyre kuti apeze zomenyera nkhondo. Komabe gogodela sanathe. Amisiri a m'midzi anaphunzira kusula zawozawo ndi mipaipi.

Kenaka panabwera mfuti za laisensi, makamaka shotigani. Mafumu, aphunzitsi, akapitawo a m'maesiteti ndi matchona obwerera kuchokera ku Joni ndi ku Harare ankagula zimenezi kuti aziphera nguluwe ndi anyani oononga m'minda. Masiku amenewo mwamuna wokhala ndi njinga, galamafoni ndi mfuti anali munthu woti pomupatsa moni uzigwada.

Zoopsa zenizeni zinalowa nthawi ya nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo ku Mozambique, imene inayamba mu 1977 n'kutha ndi pangano la mtendere limene linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira kuno, ku Nsanje, Chikwawa, Mulanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza ndi Mangochi. Malire ake ndi oti mwendo uno uli ku Malawi winawu ku Mozambique, ndiye zida zinkadutsa ngati nkhuku. Akuluakulu a m'malire amasimba kuti nkhondo itatha AK-47 inkasinthanitsidwa ndi thumba la chimanga. Pamwamba pa izo, mu Disembala 1993 asilikali athu anachita Operation Bwezani, kulanda zida za a Payoniya a MYP asilikali awiri ataphedwa ku Mzuzu. A Payoniya ambiri anathawa, ena mpaka ku Mozambique, ndipo si zida zonse zimene zinabwezedwa.

Tsono werengani nokha. Mnyamata amene anali ndi zaka 30 mu 1993 lero wadutsa zaka 60. Anthu amenewa akutisiya mmodzimmodzi, ndipo zimene anabisa zikutsalira ife ana ndi adzukulu.

ZINAYI M'NYUMBA IMODZI

Nkhaniyi sindinachite kumva kwa anthu. Agogo anga aamuna, bambo awo a mayi anga, anamwalira zaka zingapo zapitazo m'mudzi wina wa m'malire m'boma la Ntcheu. Anagwirapo ntchito ya ukapitawo pa esiteti ya fodya, ndipo paunyamata wawo anali mlenje wotchuka. Mudzi wonse unkadziwa shotigani yawo ya mipope iwiri imene inkakhala pamwamba pa chitseko cha kuchipinda. Tonse tinkati mfuti ndi yomweyo.

Tsiku lometa litakwana, akuluakulu analowa kuchipinda kukatulutsa katundu. Kunsi kwa bedi kunatuluka kamfuti kakang'ono kophera nkhanga kamene amati .22. Kuseri kwa bokosi lachitsulo kunali gogodela wa bambo awo, wadzimbiri, mtengo wake utadyedwa ndi chiswe. Ndiye mnyamata wina atakwera kudenga kukatsitsa zikopa, anapeza chiguduli chomanga ndi mphira, chonunkha oilo. Kumasula, AK-47 ndi magazini ake. Pabwalo panangoti zii. Agogo aakazi, amene anakhala nawo pabanja zaka zoposa 50, anangogwira pakamwa. Iwonso sankadziwa.

Mantha sanakhalitse. Posakhalitsa mkangano unabuka. Muphwa wa malemu, mwana wa mlongo wawo, anati mwambo wa kwathu ndi wodziwika, mfuti ya malume imagwera muphwa. Amalume anga, mwana woyamba wa malemu, anati, "Asuweni, inu munali kuti pamene ine ndinkanyamulira bambo zipolopolo kuthengo?" Mayi anga aang'ono, amene amagulitsa kaunjika mu Limbe, anati zonse zigulitsidwe, ndalama tigawane, iwo aonjezere mpamba. Palibe amene anafunsa agogo aakazi maganizo awo.

Akulu ali mkati mokangana, mnyamata wina wapachibale anatola gogodela uja n'kuyamba kuchita masewera a usilikali. Analoza nkhuku, analoza anzake, analoza ana amene anali kudya nsima pakhonde. Anthu ankaseka, amvekere chidzimbiri chotere chingaphe ndani. Mwayi wake panali bambo ena oyandikana nawo nyumba amene anapuma ntchito ya usilikali. Anadzuka ngati alumidwa ndi chinkhanira. "Iwe mwana, usakhudze pokhethemulira! Kamwa liloze kuthengo, uike pansi pang'onopang'ono!" Apolisi atabwera tsiku lotsatira anapeza kuti mkati munali onga ndi zidutswa za misomali, zotsendera bwinobwino. Agogo anasiya kugwiritsa ntchito mfuti imeneyo mayi anga asanakwatiwe.

Usiku womwewo kunafika mkulu wina wa galimoto amene palibe anamudziwa bwino. Anapepesa maliro mwaulemu, kenaka anakokera amalume pambali. Anati wamva kuti pali "katundu wovuta" ndipo iye atha kutithandiza, ndalama ali nazo m'thumba, mapepala safunika. Taonani liwiro la mbiri ya mfuti! Dzuwa lisanalowe kawiri, wogula wafika kale. Amalume anamukana, ndipo usiku umenewo amuna anagona pakhomo la chipinda mosinthana.

M'mawa mwake amalume, msilikali wopuma uja ndi nduna ya amfumu anapita kupolisi manja ali m'thumba, atangonyamula mapepala. Apolisi anabwera okha kudzatenga zida zonse zinayi, anazichotsa zipolopolo, analemba manambala, anasiya risiti. Mafunso okhudza AK-47 anali ambiri ndipo anthu angapo analembetsa sitetimenti, koma palibe amene anamangidwa, poti tinakanena tokha. Shotigani yokha ndiyo inali ndi laisensi yamoyo. Amalume analembera chilolezo m'dzina lawo, anadikira miyezi, ndipo banja linagwirizana kuti apereke ndalama kwa agogo aakazi molingana ndi mtengo wa mfutiyo. Zitatu zinazo zinatsala m'manja mwa Boma. Gogodela tinangomujambula chithunzi cha chikumbutso. Muphwa uja mpaka lero moni amayankha ndi mphuno.

LAMULO LIKUTI CHIYANI?

Lamulo loyendetsa za mfuti m'dziko muno ndi Firearms Act la 1967, limene m'mabuku a malamulo lili pa Chaputala 14:08. Ndi lakale koma mano ali nawo. Wolembetsa mfuti, amene amatchedwa Registrar of Firearms, ali ku likulu la polisi ku Area 30 mu Lilongwe.

Chofunika kumvetsa n'chakuti laisensi ya mfuti imaperekedwa kwa munthu mmodzi, pa mfuti imodzi yodziwika ndi nambala yake, ndipo imakonzedwanso chaka ndi chaka. Ili ngati laisensi yoyendetsera galimoto. Bambo anu akamwalira n'kukusiyirani minibasi, simungaonetse wapolisi wa pamsewu laisensi ya malemu n'kumati ndine mwana wawo. Chimodzimodzi mfuti. Mwini wake akaikidwa m'manda, chilolezo chake chatha. Amene wainyamula kupita nayo kwake alibe pepala, ndipo kupezeka ndi mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo ndi mlandu.

Mfuti za nkhondo zolavula zipolopolo motsatizana ngati AK-47 zili m'gulu la zida zoletsedwa. Izi munthu wamba sangatengere laisensi ngakhale atakhala mpondamatiki, ndipo wopezeka nazo chilango chake chimatha kufika zaka 14 m'ndende. Mwana amene mwamusiya ali sitandade 1 mudzamupeza atamaliza fomu 4, mwinanso ali ndi mwana wake.

Pali lamulo lachiwiri, la chuma cha masiye, Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act la 2011, limene linalowa m'malo mwa lija la 1967. Lamuloli limati munthu akamwalira osasiya wilu, oyamba kulandira ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana ake ndi amene ankadalira malemuyo. Zija zoti muphwa kapena mchimwene wa malemu angofika n'kunyamula chifukwa cha mwambo zinatha. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu umene chilango chake chimafika zaka 10 m'ndende.

Mukaphatikiza malamulo awiriwa nkhani imaoneka poyera. Mfuti ya laisensi ndi chuma ndithu, ndipo mtengo wake ndi wa amasiye. Koma chitsulocho angachisunge ndi yekhayo amene Boma lamuloleza. Wachibale amene wathawa nayo mfuti usiku ndiye kuti wadzitengera milandu iwiri pa ulendo umodzi.

MFUTI SIKALAMBA

Chimene chimapha anthu ndi mawu oti "ilibe kanthu". Shotigani munthu wodziwa amatha kuithyola pakati n'kuona ngati muli chipolopolo. Gogodela alibe potsegula. Onga ndi misomali zimakhala pansi pa mpope pamene diso silifika, ndipo onga ukakhala pouma umatha kuyaka patapita zaka makumimakumi. Alenje akale ankasunga mfuti yothira kale kuti nguluwe ikalowa m'munda usiku asataye nthawi. Tsono mlenje akamwalira samatsitsa zimene anathira.

Mfuti za magazini nazo zili ndi msampha wake. Anthu amachotsa magazini n'kumati basi yatha, osadziwa kuti chipolopolo chimodzi chimatha kutsalira m'kati, chokonzeka kutuluka. Mfuti yakale yadzimbiri imathanso kulira yokha ikagwa pansi, kapena kuphulikira m'manja mwa woombayo mpope ukakhala wodyeka kapena mavu atamangamo zisa zadothi. Choncho mwambo uja woomba mfuti ya malemu m'mwamba pomutsanzika mlenje kapena mfumu, tiusiye. Chipolopolo chopita m'mwamba chimabwerera pansi, ndipo pamaliro pamakhala khamu.

Tisaiwalenso kuti pasiwa pamakhala anthu osweka mtima, anthu okwiyirana pa za munda ndi nyumba, ndiponso kachasu. Mfuti ikakhala poyera pamalo otere, mawu amodzi olakwika akwanira kuti adzukulu atengenso makasu.

NANGA MUKAIPEZA MUTANI?

Choyamba, mfuti iliyonse muitenge ngati yodzaza. Musaikhethemule, musailozetse munthu, musayese kuitsuka kapena kuimasula. Ngati n'kotheka isiyeni pomwe ili, mutseke chipindacho ndi loko, kiyi asunge munthu mmodzi wamkulu wosamwa. Ana asayandikire.

Chachiwiri, musayende nayo. Ena ndi mtima wabwino amaikulunga mu chitenje n'kukwera nayo minibasi kuti akaipereke kupolisi ya kutauni. Mukafika pa rodibuloko ya pa Zalewa, wapolisi n'kuipeza mu thumba la mbatata, nkhani ya maliro ija mukaifotokozera kukhoti. Mapazi anu ndiwo apite kupolisi, mfuti itsale.

Chachitatu, fufuzani mapepala. Laisensi ndi marisiti akale amapezeka m'mabokosi, m'Baibulo kapena m'thumba la jekete ya kutchalitchi. Lembani mtundu wa mfuti ndi nambala yake ngati ikuoneka popanda kuigwiragwira. Jambulani ndi foni, koma chithunzicho chisapite pa WhatsApp kapena Facebook, chifukwa uko ndiko kuitana mbava ndi belu.

Chachinayi, dziwitsani amfumu kapena mkulu wa dera lanu, ndipo mupite kupolisi yapafupi muli awiri kapena atatu. Tengani chitupa chanu cha unzika, laisensi ya malemu ngati yapezeka, ndi kalata yotsimikiza imfa. Nenani zonse, ngakhale ija yopanda mapepala. Mafunso adzakhalapo, mwina ambiri, koma wodzinenera yekha ndi wogwidwa atabisa saonedwa mofanana.

Chachisanu, musalole kuti mfuti ichoke pakhomo popanda risiti. Pa pepalalo pakhale tsiku, mtundu ndi nambala ya mfuti, chiwerengero cha zipolopolo ndi dzina la wapolisi amene walandira. Inu a geni mukudziwa bwino kuti katundu wopereka popanda kulemba ndi mphatso. Pepala limenelo ndilo lidzakutetezeni mawa, ndipo ndilo mudzalondolere mfutiyo ngati ili ya laisensi.

Zikatero banja likhale pansi mosathamanga, pamodzi ndi amene wapatsidwa mphamvu yoyendetsa chuma cha malemu. Njira zilipo zitatu. Wina wa m'banja atha kulembera chilolezo m'dzina lake n'kudikira yankho la apolisi, amene amafufuza mbiri yake ndi chifukwa chimene akuifunira. Kapena mfuti itha kugulitsidwa kwa munthu amene walandira chilolezo choigula, zonse zikudutsa kupolisi, ndalama n'kupita kwa amasiye. Kapena banja lingoisiya m'manja mwa Boma. Pakakhala mkangano, ofesi ya DC, ya Administrator General ndi a Legal Aid Bureau alipo kuti athandize, ndipo mayi wamasiye amene akuopsezedwa apite ku Victim Support Unit ya kupolisi. Ngati mfutiyo ndi yakale kwambiri, ya mbiri ya ufumu kapena ya nkhondo za makolo, funsani apolisi ngati ingakasungidwe kunyumba yosungira zakale ngati ija ya ku Chichiri mu Blantyre.

Zipolopolo musaponye pamoto wa zinyalala, zimaphulika. Musataye m'chimbudzi kapena mu mtsinje, ana amatola. Ziperekeni pamodzi ndi mfuti. Mukapeza chinthu chooneka ngati bomba, kaya chozungulira ngati peyala kaya chachitali chokhala ndi timapiko kumbuyo, musachisunthe n'komwe. Chotsani anthu, itanani apolisi. Apa ndikuchenjezanso inu ogula zitsulo zakale ndi inu osungunula mapoto: chitsulo chosadziwika chochokera m'malire musachimenye ndi hamala pofuna kuona ngati muli mkuwa.

Ndipo pamene pali mfuti ya mlenje pamakhalanso zikumbutso zake. Chikopa cha kambuku, mamba a ngaka kapena kamnyanga ka njovu si zokongoletsera pabalaza. Lamulo la nyama zakuthengo litakonzedwanso mu 2017, chilango cha wopezeka ndi ziwalo za nyama zotetezedwa kwambiri chinafika mpaka zaka 30. Izinso zinenedwe kupolisi kapena kwa a nthambi yoona za nyama zakuthengo.

"KOMA MBAVA ZATIKWANA"

Ndikudziwa chimene ena mukunena mumtima. Mumadzuka mbandakucha kukapikula katundu ndalama zili mu sokosi, mumaweruka mdima utagwa, ndipo ena mwa inu munakhapidwapo ndi zikwanje panjira. Ndiye mtolankhani akuti mfuti yaulere tikapereke kupolisi? Mantha anu ndi oona, sindikuwapeputsa.

Koma taganizani. Mfuti ya mseri siikhala ya chinsinsi. Mnyamata wa pa okala adzaiona, adzauza mnzake ku bawo, ndipo mbava zimene zikanabwerera shuga ndi sopo zidzabwerera mfutiyo, zitakonzeka kupha. Inu simunaphunzire kuomba, iwo ndi ntchito yawo. Mukapambana n'kuombera wina, mudzafunsidwa za munthuyo, mudzafunsidwanso za mfutiyo. Komanso simukudziwa kumene chida chobisikacho chinayenda musanachione. Akatswiri amatha kuzindikira mfuti imene inatulutsa chipolopolo chopezeka pamalo a umbanda. Mutha kusenza mlandu wa munthu amene simunamuonepo.

Za wogula wa usiku ndiye musayerekeze. Munthu wofuna mfuti yopanda mapepala sakukasaka nkhanga. Ndalama zimene angakupatseni zitha kugula belo imodzi kapena ziwiri za kaunjika, inde, koma mfuti imeneyo idzalira tsiku lina pa sitolo ya mnzanu, pa basi ya usiku kapena pa benchi ya wogulitsa Airtel Money ndi Mpamba. Mwina idzalira pakhomo panu pomwe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo mbava ikagwidwa, dzina loyamba kutchula ndi la amene anaigulitsa.

Amene akufunadi mfuti yotetezera bizinesi, khomo lilipo: alembere chilolezo ngati wina aliyense, aphunzire kuigwiritsa ntchito, akhale ndi poitsekera.

AKAMWALIRA KU JONI

Ambiri muli ndi abale ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town, ndipo ena mwa iwo ali ndi mfuti, za mapepala kapena za mseri. Ku South Africa lamulo lake ndi Firearms Control Act la 2000, ndipo nakonso laisensi ya malemu siigwera mwana yokha. Mfuti imayang'aniridwa ndi woyendetsa chuma cha malemu mpaka wolowa apeze laisensi yake, kapena igulitsidwe mwalamulo, kapena iperekedwe kupolisi ya komweko.

Choncho potumiza katundu wa malemu kumudzi, mfuti isalowe mu sutikesi, mu firiji kapena mu ngolo yokoka mtembo. Njira ya basi imadutsa Beitbridge, Nyamapanda, kenaka Mwanza kapena Dedza, maiko anayi ndi malamulo anayi. Inu opikula katundu ku Joni, wina akakupatsirani katoni yomata kuti "ndi za malemu, mukapereke kwa amayi", itseguleni pamaso pake musanakweze. Safunsa anadya phula.

ANZATHU ANASULA MAKASU

Ena zimawawawa kupereka mfuti chifukwa ndi chikumbutso cha bambo. Ndikumvetsa. Koma taonani zimene anachita anzathu a ku Mozambique, kumene zida zambirizi zinachokera. Mu 1995 bungwe la mipingo la Christian Council of Mozambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican, linayambitsa ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, makina osokera ndi malata. Mfutizo zinkadulidwa, ndipo amisiri a ku Maputo ankaziwotcherera n'kupanga zosema. Mpando wopangidwa ndi mfuti zokhazokha umene anaupanga Cristóvão Canhavato mu 2001 unagulidwa ndi British Museum ya ku London. Chaka chomwecho cha 1995 apolisi a ku South Africa ndi a ku Mozambique anayamba Operation Rachel, kufukula ndi kuphwanya zida zokwiriridwa m'tchire.

Nafenso tinasainira. Pangano la maiko a SADC lothana ndi kufala kwa mfuti linasainidwa mu Blantyre momwe muno mu Ogasiti 2001. Ndipo mu 2017 bungwe la African Union linasankha Seputembala kukhala mwezi wolimbikitsa anthu kupereka zida zosaloledwa mwa kufuna kwawo. Koma inu musadikire Seputembala. Maliro akachitika mu Febuluwale, mfuti inenedwe mu Febuluwale.

Mawu otsiriza apite kwa inu madala amene muli ndi mfuti ndipo mukadali moyo. Musatisiyire mitolo yosadziwika kudenga. Ngati ili ya laisensi, konzani mapepala ake chaka chilichonse, muwaike pamene mayi a kunyumba akudziwa, ndipo mulembe mu wilu amene mukufuna kuti adzalembere chilolezo chake. Maso akayamba kuchita chidima, manja n'kumanjenjemera, itsitseni zipolopolo mukaipereke nokha. Ngati ili ija ya nthawi ya Renamo, pitani ndi amfumu mukanene lero. Inu ndinu amene mukudziwa kumene inachokera ndiponso ngati ili yodzaza. Mukapita nacho chinsinsi kumanda, amene adzayankhe mafunso a apolisi ndi mkazi wanu wamasiye, ndipo amene adzaipeze poyamba mwina ndi mdzukulu wanu wa zaka 7 pofunafuna mazira a nkhuku kudenga.